Kapinga akayamba kufiira, botolo la mankhwala lisakhale loyamba

Chaka chilichonse mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa likamaswa mutu ndipo maluwa a jakaranda atayamba kuyoyoka m'misewu ya Lusaka, mafunso amene ndimalandira kwa anansi ndi amodzimodzi. Kapinga wanga wafiira, ndipopere chiyani? Mpanda wa maluwa wada bii, mankhwala ake ndi ati? Funso lija limabwera yankho lili kale m'thumba, chifukwa wofunsayo watsimikiza kuti vuto lake ndi la mankhwala, akungofuna dzina la botolo. Ine ndasamalira pabwalo panga ku Chalala zaka zambiri, ndipo chimene ndaona n'chakuti zambiri zimene timazitcha matenda pa kapinga wa mumzinda uno si matenda ayi. Ndi madzi, nthaka ndi katchetchedwe. Tizilombo ndi matenda enieni zilipo ndithu, koma chilichonse chili ndi chizindikiro chake, ndipo ofunika kugwada n'kuyang'ana ndife. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tiyambe ndi pansi pamene tapondapa. Lusaka anamangidwa pamwamba pa mwala wa laimu, womwe uja amayi amaphwanya m'mbali mwa misewu, womwenso unachititsa kuti fakitale ya simenti ikhazikitsidwe ku Chilanga mu 1949. M'madera ambiri, makamaka kum'mwera ndi kumadzulo kwa mzinda, dothi ndi lochepa, ukakumba pang'ono khasu lalira pamwala. Malo amene mwala wayandikira kumtunda amauma msanga, ndiye kapinga wa pamenepo amayamba kufiira mnzake wa pambali akadali wobiriwira. Munthu akaona chigamba chofiiracho amati ndi matenda. Tengani chitsulo chosongoka kapena mpeni wautali mubaye pa chigambacho, mubayenso pobiriwira. Ngati pofiira chitsulo chikukana kulowa, mwapeza yankho. Nthawi zina si mwala wachilengedwe koma zinyalala za omanga, zidutswa za mabuloko ndi simenti youma zimene anazikwirira n'kuthirapo dothi pamwamba pomaliza nyumba. Palibe mankhwala opopera amene angachotse buloko pansi.

Mwala umenewu umalowanso m'madzi. Aliyense amene amagwiritsa ntchito madzi a borehole amadziwa zoyera zimene zimamatirira m'ketulo. Laimu yemweyo akamathiridwa pa maluwa tsiku ndi tsiku amachititsa kuti mizu ilephere kutenga ayironi m'nthaka, ngakhale ayironiyo alimo. Chizindikiro chake n'chosasokoneza: masamba anthete a kunsonga amasanduka achikasu koma mitsempha yake imakhala yobiriwira. Ma gardenia, ma hydrangea, ma rozi ndi mitengo ya mandimu zimachita zimenezi kawirikawiri. Masamba akale a m'munsi akakhala kuti ndiwo ayamba chikasu, tsamba lonse mofanana, imeneyo ndi njala ya nayitirojeni, ndipo manyowa kapena feteleza pang'ono amathetsa. Koma chikasu cha kunsonga chija chimafuna kompositi yambiri, madzi a mvula osungidwa m'dilamu ngati alipo, kapena ayironi wothira amene amagulitsidwa m'masitolo a zaulimi. Ndaonapo anthu akupopera mankhwala a tizilombo pa mtengo wotere mwezi wathunthu.

Nanga kufiira kwa mu Juni ndi Julayi? Kumeneko n'kugona chabe. Mzinda wathu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, usiku wa m'nyengo yozizira umaluma, ndipo udzu umaleka kukula. Kapinga wathu wamba wa masamba aang'ono, amene alimi amalimbana naye m'minda, ndi wolimba kuposa onse: amauma pamwamba koma mizu ndi mitsitsi yake ili moyo pansi, mvula yoyamba ikagwa amadzuka. Kikuyu, amene kwawo ndi kumapiri a ku Kenya, amakula msanga ndipo amakongola, koma ndi wakumwa madzi ndiponso wadyera pa feteleza. LM, amene dzina lake linachokera ku Lourenço Marques, dzina lakale la Maputo, ndiye amapirira mthunzi, koma safuna kumetedwa kwambiri kapena kupondedwa kosalekeza. Munthu akabzala kikuyu pansi pa mtengo wa mango, udzu uja umapyapyala n'kutha, ndipo si kachilombo kamene kaudya. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, chinatiphunzitsa zimenezi mowawa. Madzi atachepa ku Kariba magetsi ankathima pafupifupi tsiku lonse, mapampu a borehole anaima, ndipo mayadi a kikuyu anapsa. Pamene panali kapinga wamba panabiriwiranso mvula itabwera.

Tsopano tibwere kwa adani enieni. Woyamba kutchulidwa ku Lusaka ndi chiswe, ndipo pa chiswe ndikufuna kuchedwapo chifukwa timachiweruza mopupuluma. Chiswe sichili mtundu umodzi. Chimene chimamanga chulu n'kutipatsa inswa mvula ikayamba chimadya kwambiri zouma: udzu wakufa, nkhuni, masamba. Chimapita nazo pansi kukadyetsera bowa amene chimalima m'chulu mwake. Mukaona timizere ta dothi titakuta udzu, kawirikawiri udzuwo unali utauma kale, chiswe changobwera kudzatola. Ngalande zake zimalowetsa madzi ndi mpweya m'nthaka. Chimaukira chomera chamoyo makamaka pamene chafooka ndi ludzu, kapena pamene pabwalo paseseredwa mbee, popanda chouma china choti chidye. N'chifukwa chake kamtengo kongobzalidwa kumene, kosathiriridwa bwino, kamagwa mu Okutobala tsinde litadyedwa. Kuyala udzu wouma mozungulira mtengo, osaugunditsa ku tsinde, kumasunga chinyezi ndipo mtengo wokhuta madzi chiswe sichiuthamangira.

Pali mtundu wina umene umatuluka masana kapena madzulo, gulu, n'kumadula udzu timapesi tating'ono n'kukokera m'timabowo. Umenewu ndi umene umametadi kapinga n'kusiya zipala zozungulira, makamaka m'chilimwe. Ukachuluka, mankhwala amafunika, koma othira pa mabowo pomwepo kapena nyambo imene chiswe chimanyamula kupita nayo kuchisa, osati kusambitsa yadi yonse. Mankhwala ambiri a chiswe amene ali m'masitolo ali ndi fipronil kapena imidacloprid. Onsewa amapha njuchi, ndipo fipronil ndi woopsa kwa nsomba. Chiswe chikalowa m'nyumba, m'denga kapena m'mafelemu a zitseko, imeneyo ndi nkhani ina, yofuna anthu a ntchitoyo amene ali ndi chilolezo.

Mbozi zimabwera ndi mvula. Tonse tikukumbukira Disembala wa 2016 pamene mbozi yachilendo yochokera ku America inalowa m'minda ya chimanga mpaka ndege za asilikali zinatumidwa kunyamula mankhwala kupita m'zigawo. Imeneyo imakonda chimanga ngakhale imadyanso udzu. Koma ntchemberezandonda za kwathu kuno, zija zimayenda chigulu ngati asilikali, chakudya chake ndi udzu ndi mbewu za mtundu wa udzu, ndipo zikagwera pa kapinga wanthete wothiridwa feteleza zimamumaliza m'masiku owerengeka. Palinso mbozi zina zobisala masana, zodya usiku, zimene simungazione mutaimirira. Njira yozidziwira ndi yosavuta. Madzulo yalani thumba lonyowa m'mphepete mwa chigamba chodyedwa, pamene pofiira pakumana ndi pobiriwira, m'mawa mulivundukule. Kapena sungunulani sopo wotsukira mbale pang'ono m'ndowa ya madzi, thirani pamenepo, dikirani mphindi zingapo: ngati zilipo zituluka zokha. Mbalame zikamasonkhana pamalo amodzi n'kumajompha, zikukuuzani chimodzimodzi. Mbozi ikakhala yaing'ono ndi pamene mankhwala amagwira bwino, ndipo alipo opangidwa ndi kachilombo ka m'nthaka kotchedwa Bt amene amapha mbozi zokha n'kusiya njuchi ndi mbalame. Poperani dzuwa litapendeka, pamene mbozi zikutuluka. Ikakula n'kulowa pansi kukasanduka gulugufe, kupopera n'kutaya ndalama, ndipo kapinga wodyedwa masamba okha amaphukanso chifukwa mizu ili bwino.

Zoopsa kwa mizu ndi mphutsi zoyera zonenepa, zopindika ngati chibakera, za mutu wofiirira. Ndi ana a tizikumbu tija timazungulira magetsi usiku mvula ikayamba. Udzu wodyedwa ndi zimenezi ukaugwira umanyamuka ngati mphasa. Imodzi kapena ziwiri pa khasu si nkhani. Zikapezeka zambiri pamalo aang'ono ndiye ziyenera kuchotsedwa, ndipo nkhuku zimagwira ntchitoyi mokondwa. Nkhululu imasiya kamulu ka dothi pakhomo la una wake n'kumadula mbande usiku, koma ana a kwathu kum'mawa amadziwa chochita nayo, sindinaonepo chifukwa choithirira poizoni.

Pa maluwa ndi mipanda, chimene chimasautsa kwambiri ndi tizilombo toyamwa: nsabwe za m'masamba, kodikodi woyera ngati thonje, ndi tina tomata pa nthambi ngati timabala. Tonseti timatulutsa madzi otsekemera, pa madziwo pamamera nkhungu yakuda ngati mwaye. Mpanda wakuda uja umene anansi amafunsa, kudako si matenda ake, ndi chotsatira. Yang'anani kunsi kwa tsamba, ndipo yang'anani nyerere. Nyerere zikamakwera ndi kutsika pa tsinde, zikuweta tizilombo timeneti monga momwe ife timawetera ng'ombe, zimamwa zotsekemerazo n'kumathamangitsa adani ake. Adaniwo alipo ambiri pabwalo lililonse losapoperedwa: tizikumbu tofiira ta madontho akuda, timavu tating'onoting'ono, akangaude, abuluzi, nanzikambe. Madzi amphamvu a papayipi, sopo wosungunula pang'ono, mafuta a nimu, ndi kudula nthambi zogwidwa kwambiri, zimakwanira nthawi zambiri. Sopo muyambe mwayesa pa nthambi imodzi, ndipo musapopere dzuwa lili paliwombo, amawaula masamba.

Kangaude wofiira, wamng'ono kwambiri woyamwa masamba, amene alimi a tomato amamudziwa bwino, amabuka kukatentha ndi kuuma, mu Seputembala ndi Okutobala. Masamba amachita timadontho totuwa, kunsi kuli ukonde wopyapyala. Apa ndi pamene botolo limapweteka mwini wake poyera: mankhwala wamba a tizilombo samupha bwino kangaudeyu, koma amapha adani ake onse, ndiye pakatha milungu iwiri amachuluka kuposa kale. Kutsuka kunsi kwa masamba ndi madzi m'mawa kumamufooketsa chifukwa sakonda chinyezi.

Matenda enieni a nkhungu amabwera pakati pa dzinja, mu Januwale ndi Febuluwale, kapena pamene ife tapanga dzinja lathu ndi payipi. Walira mvula walira matope. Kuthirira madzulo tsiku lililonse, pang'onopang'ono, kumasiya udzu wonyowa usiku wonse ndipo mizu imangoyandama pamwamba. Kuthirira kokhutitsa kamodzi kapena kawiri pa mlungu, m'mamawa, kumatsitsa mizu pansi; mamilimita 25 pa mlungu amakwanira pa udzu wambiri, ndipo mungayeze poika chitini chopanda kanthu pamene madzi akugwera. Kikuyu amaunjika udzu wakufa pansi pake ngati matiresi, mmene nkhungu ndi mbozi zimabisala, choncho kamodzi pa chaka, nyengo yozizira ikatha, amafunika kumetedwa kwambiri n'kupalidwa ndi leki. Masiku ena onse lamulo ndi losiyana: musadule kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a utali wa udzu. Chikwakwa chimene chimapala mpaka dothi kuonekera chimatsegulira khomo udzu woipa. Ndipo kachigamba kozungulira kopsa pakati, kobiriwira kwambiri m'mbali, musakavutike nako: ndi mkodzo wa galu, thiranipo madzi ambiri. Yuriya wowazidwa pa udzu popanda kuthirira amawotcha chimodzimodzi. Pa ma rozi, madontho akuda ndi zoyera ngati ufa zimachepa mukamathira madzi pansi osati pa masamba, kutola masamba ogwa, ndi kudulira kuti mphepo izidutsa.

Za udzu woipa ndili ndi chilonda changa. Nditangosamukira pano ndinagula lole ya dothi lakuda kwa ogulitsa a m'mbali mwa msewu. Linali looneka bwino, lonona. Mvula yoyamba itagwa, yadi yonse inamera dawe. Dothi lakuda lambiri limakumbidwa m'madambo, ndipo dambo ndi kwawo kwa dawe. Mumuzindikira pogwira tsinde lake: lili ndi ngodya zitatu, masamba ake ndi onyezimira, ndipo amatalika msanga kuposa kapinga mukangotchetcha. Pansi ali ndi timbatata tolumikizana ngati mkanda. Mukazula, tsamba limaduka, timbatata timatsala. Mukalima ndi khasu, mwadula mkanda uja ndipo kalikonse kamera pakokha. Mankhwala wamba a udzu wa masamba aakulu samukhudza. Alipo ake enieni okhala ndi halosulfuron, koma nawonso amafuna kubwereza. Chimene chinandithandiza ine ndi zitatu zochitika pamodzi kwa zaka: kukumba ndi foloko dothi lili lofewa n'kutola timbatata, kuchepetsa madzi, ndi kulola kapinga kutalika kuti amuphimbe, pakuti dawe sapirira mthunzi. Lero ndikagula dothi kapena manyowa ndimayamba ndathira pang'ono m'beseni, kuthirira milungu iwiri, n'kuona chimene chimere.

Chisoso ndi bonongwe ndi ndiwo, zizuleni zisanachite njere mupite nazo kukhitchini, bola pamalopo pasakhale popoperedwa. Khovani ndi wovuta pang'ono chifukwa kachidutswa kalikonse kosiyidwa pa dothi lonyowa kamagwiranso. Muyanikeni pa simenti aume kaye. Pa mankhwala a udzu, cholakwa chimene chawononga mayadi ambiri ndi kusasiyanitsa. Glyphosate, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Roundup, amapha chobiriwira chilichonse chimene wakhudza, kapinga yemwe. Okhala ndi 2,4-D kapena MCPA amapha za masamba aakulu n'kusiya udzu, koma kamphepo kakawauluzira pa tomato, pa mpesa kapena pa maluwa a anansi, masamba amapiringizika, ndipo mitundu ina ya kapinga monga LM imatha kupsa nawo. Sipuleya yopoperera udzu ikhale yakeyake.

Zomera ziwiri ndikupempha kuti tisazichitire chifundo. China ndi lantana, chitsamba cha minga ting'onoting'ono ndi maluwa amitundumitundu, chochokera ku America, chimene chinabwera ngati duwa la mpanda. Mbalame zimamwaza njere zake, chimapha ng'ombe zikadya masamba ake, ndipo chalanda malo ngakhale m'nkhalango ya ku Mosi-oa-Tunya. Chizuleni ndi chitsa chomwe. China ndi kachingwe kachikasu kopanda masamba kamene kamayanga pa mipanda ya duranta ngati ulusi wotayidwa. Kalibe mizu pansi, kamayamwa mpanda weniweniwo. Kukakoka ndi manja n'kukabzala, chifukwa kachidutswa kotsala kamaphukanso. Dulani nthambi yonse imene kagwira, kunsi kwa pamene kamatira, muwotche, ndipo mutsuke sizasi musanapite pa mpanda wina.

Wina anganene kuti, nanga ndikapopera yadi yanga ndi ndalama zanga, ndalakwira yani? Tibwerere ku mwala uja. Mwala wa laimu umasungunuka ndi madzi pang'onopang'ono n'kuchita ming'alu ndi mapanga, ndiye chothiridwa pamwamba chimatsika msanga, chosasefedwa mokwanira, kukafika pa madzi a pansi. Gawo lalikulu la madzi amene mzinda uno umamwa limachokera pansi pomwepo, lina ndi lija lochokera ku mtsinje wa Kafue. Ku Kanyama madzi apansi ali pafupi kwambiri moti dzinja lililonse amatumphukira m'misewu, ndipo kolera ya 2023 mpaka 2024, imene inasandutsa bwalo la National Heroes kukhala chipatala, inatikumbutsa mmene zapamwamba zimakumanirana ndi zapansi mumzinda uno. Madzi apansi sadziwa mpanda wa pakati pa kumayadi ndi kukomboni. Chidebe cha mankhwala otsala chokhuthulidwa m'ngalande kapena pafupi ndi borehole sichithera pamenepo.

Ndipo amene amanyamula sipuleya kumsana kawirikawiri si mwini nyumba. Ndi bambo kapena mnyamata wogwira ntchito pa yadi, atavala patapata, akusakaniza ndi dzanja, sipuleya ikudontha pamsana. Tsiku lina ndinaona bambo wachikulire wa nyumba yoyandikana nafe akupemerera ndi pakamwa kabowo ka sipuleya katatsekeka. Ndinawaitana pa mpanda n'kuwafunsa kuti, "Amalume, magolovesi sanakupatseni?" Anandiyankha kuti akamaliza amwa mkaka. Chikhulupiriro chimenechi chafala, koma mkaka suchotsa poizoni m'thupi. Wotuma munthu kupopera ndiye ayenera kugula magolovesi, majombo, chophimba kumaso ndi sopo, ndi kumuwerengera zolembedwa pa botolo ngati zili m'chilankhulo chimene iye sawerenga. Mlingo wolembedwawo si wongoyerekeza. Kuwirikiza sikupha tizilombo kawiri, kumangowotcha zomera ndi munthu.

Mankhwala ololedwa m'dziko muno amalembetsedwa ku ZEMA, bungwe loona za chilengedwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndipo ogulitsa amayenera kukhala ndi chilolezo chake. Zotungidwira m'timabotolo ta zakumwa, zopanda dzina, zogulitsidwa pamsika ndi m'misewu, musazilowetse pakhomo pamene pali ana. Chimene chakukanikani kuchizindikira, ikani tsamba kapena kachilombo m'kapepala ka pulasitiki mupite nako kwa alangizi a zaulimi, ku sitolo yodalirika, kapena kwa akatswiri a ZARI, bungwe la boma lofufuza za ulimi, ku Mount Makulu. Botolo likatha litsukeni katatu, madziwo muthire m'sipuleya momwemo, kenako muliboole kuti wina asadzatungiremo madzi kapena mafuta ophikira. Munthu akapopera n'kuyamba kutuluka thukuta ndi dovu kwambiri, kusanza, kuona mwachimbuuzi kapena kubanika, muvuleni zovala, musambitseni ndi sopo, musamukakamize kusanza, ndipo thamangani naye kuchipatala botolo lija lili m'manja, kuti adokotala awerenge dzina la chimene chamulowa.